Mmene anthu akuda a ku Montgomery anakhalira masiku 381 osakwera basi

Nkhani ya Mayi Rosa Parks ndi yodziwika: pa 1 Disembala 1955 anamangidwa mumzinda wa Montgomery, m'chigawo cha Alabama ku United States of America, atakana kusiyira mzungu mpando m'basi. Chomwe sichikambidwa kawirikawiri ndi vuto lomwe linatsatira. Kuuza anthu kuti anyanyale mabasi n'kosavuta, koma mawa lake azipita bwanji kuntchito?

Pa anthu anayi aliwonse okwera mabasi mumzindawo, pafupifupi atatu anali akuda, ambiri mwa iwo amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu, kutali ndi kwawo. Munthu wakuda ankalipira kukhomo lakutsogolo, n'kutsika kukalowera kukhomo lakumbuyo, ndipo nthawi zina dalaivala ankanyamuka iye asanalowe. Mkwiyo unalipo kale. Usiku womwe Mayi Parks anamangidwa, Jo Ann Robinson wa gulu la amayi akuda la Women's Political Council anasindikiza timapepala masauzande ambiri toitanira anthu kuti Lolemba pa 5 Disembala asakwere basi. Mabasi anayenda pafupifupi opanda anthu akuda. Tsiku lomwelo kunakhazikitsidwa bungwe la Montgomery Improvement Association lotsogolera kunyanyalako, ndipo anasankha m'busa wa zaka 26, Martin Luther King Jr., kukhala wapampando.

Poyamba anadalira matakisi a anthu akuda, omwe anavomera kulipiritsa masenti 10, mtengo wa basi. Akuluakulu a mzinda anafukula lamulo loti takisi isalipiritse ndalama zosakwana masenti 45, njira imeneyi n'kufera pomwepo. Apa bungwelo linatengera nzeru ya anthu akuda a mumzinda wina wa Baton Rouge, omwe ananyanyalapo mabasi mu 1953: eni galimoto azinyamula anzawo. Galimoto pafupifupi 300 zinkatenga anthu pamalo odziwika m'mawa, n'kukawatenganso madzulo kumadera a azungu. Matchalitchi anagula galimoto zawo. Ndalama za mafuta, matayala ndi madalaivala zinkachokera m'zopereka za pamisonkhano ya m'matchalitchi komanso kwa akufuna kwabwino akutali. Mayi Georgia Gilmore ndi anzawo ankaphika zakudya n'kumagulitsa, phindu lonse n'kupereka kubungwe. Ena ambiri ankangoyenda wapansi, mvula kaya dzuwa.

Boma la mzinda linaona kuti mphamvu ya anthuwa ili pa galimoto, ndiye linalimbana ndi galimotozo. Apolisi ankaimitsa madalaivala pa tizifukwa tosadziwika bwino. Nayenso King anamangidwa mu Januwale 1956 ati chifukwa chothamanga mamailosi 30 pa ola pamsewu wa 25. Makampani a inshulansi anathetsa mapangano a galimoto za matchalitchi, mpaka inshulansi inakapezeka ku Lloyd's of London. Pa 30 Januwale nyumba ya King inaphulitsidwa ndi bomba, ndipo mu Febuluwale atsogoleri oposa 80 anaimbidwa mlandu pogwiritsa ntchito lamulo la 1921 loletsa kunyanyala.

Chodabwitsa n'chakuti poyamba anthuwa sankapempha kuthetsa tsankho la mipando. Ankangofuna ulemu, madalaivala akuda m'misewu ya kumadera awo, ndiponso kuti wofika msanga akhale pansi, akuda kuyambira kumbuyo, azungu kuyambira kutsogolo. Akuluakulu atakana ngakhale zochepazi, loya Fred Gray anakasuma kukhothi la boma la dziko lonse, osati la Alabama, pa 1 Febuluwale 1956, mlandu wa Browder v. Gayle. Mayi Parks sanali mmodzi wa odandaula, chifukwa mlandu wawo unali kale m'makhothi a Alabama, komwe ukanatha kuchedwetsedwa zaka. Mmodzi wa odandaulawo anali Claudette Colvin, yemwe anamangidwa pa chifukwa chomwecho mu Malichi 1955 ali ndi zaka 15.

Mu Juni majaji awiri mwa atatu anagamula kuti kusankhana mipando n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Khothi la Supreme linavomereza pa 13 Novembala, tsiku lomwe mzinda unapeza chiletso choimitsa galimoto zonyamula anthu zija. Kwa milungu isanu yotsatira anthu anayendanso wapansi, kufikira chigamulo chitafika ku Montgomery pa 20 Disembala. Pa 21 Disembala anakweranso mabasi, aliyense pampando womwe wafuna, ngakhale kuti m'masabata otsatira zigawenga zinawombera mabasi ndi kuphulitsa matchalitchi anayi a anthu akuda.