Kuyeretsa biogas potsekera carbon dioxide m'tizipinda ta madzi

Biogas, gasi wochokera ku ndowe, si methane (mpweya umene umayaka) yekhayekha. Pa magawo 100 alionse, methane amakhala 50 mpaka 70. Ambiri otsalawo ndi carbon dioxide, yemwe sayaka, kuonjezapo chinyezi ndi hydrogen sulphide wonunkha ngati dzira lovunda. Pophikira, gasi wotereyu amakwana. Woyendetsera galimoto amafunika methane wofika cha m'ma 95 kapena kuposa, ndipo ameneyo ndiye biomethane.

Madzi akazizira kwambiri pa pulesha yayikulu, tinthu take timalumikizana n'kupanga tizipinda totsekera mpweya mkati. Zotulukazo zimaoneka ngati ayezi, ndipo zimatchedwa hydrate. Pa madigiri 0, carbon dioxide amayamba kutsekeka pa mabaa pafupifupi 12 (baa ndi muyeso wa pulesha), pomwe methane amafuna pafupifupi 26. Njira yoyeretsera biogas ndi hydrate yatsamira pa mpata umenewu.

Hydrogen sulphide amachotsedwa kaye ndi iron oxide (dzimbiri la chitsulo), chifukwa amatsekeka msanga kuposa onse ndiponso amadya zitsulo. Kenako gasi amapanikizidwa n'kulowetsedwa m'thanki yachitsulo yokhala ndi madzi a madigiri 1 mpaka 4. Wotsala pamwamba, amene wachuluka methane, amatulutsidwa. Hydrate akatenthetsedwa pang'ono kapena pulesha ikatsitsidwa, carbon dioxide amamasuka ndipo madzi amagwiranso ntchito.

Vuto lalikulu n'lakuti tizipindato sitisankha bwino. Methane wina amatsekeka limodzi ndi carbon dioxide. Komanso carbon dioxide akamachepa m'thanki, pulesha yofunika imakwera n'kuyandikira ya methane, ndiye methane wotayika amachuluka pa nthawi imene mukufuna kumaliza kuyeretsa. N'chifukwa chake ulendo umodzi sukwanira. Gasi amadutsa m'mathanki angapo, ndipo wotuluka mu hydrate amabwezedwa koyambirira.

Hydrate amayambira pamwamba pa madzi n'kupanga chikhungu chotchinga gasi, choncho popanda kutakasa ntchito imaima. Popangika amatulutsanso kutentha. Makina oziziritsa akafooka, kupangikako kumalekeza panjira. Hydrate akapangikira m'paipi amatseka njira, vuto lomwe katswiri wina, Hammerschmidt, anafotokoza mu 1934 pa mapaipi a gasi ku America. Mankhwala monga THF ndi TBAB amatsitsa pulesha yofunika, koma nawonso amatenga malo m'tizipinda, ndiye gasi wogwidwa amachepa.

Pakadali pano njirayi ikadali yoyesera. Amene akufuna biomethane lero ayambe ndi kutsuka gasi ndi madzi opanikizidwa kapena kusefa ndi membrane (sefa yopyapyala yolekanitsa mipweya), njira zomwe mafakitale a ku Germany ndi Sweden akugwiritsa ntchito kale.