Imvi Zanu Adaziwerengera Kale, Chasintha ndi Keyala

Mwezi wathawu ku ofesi kwanga kudabwera bambo ena a zaka 72, pepala la inshulansi ya galimoto lili m'manja, nkhope ili ndwii. Adasamuka kumudzi wina wa ku Devon kudzakhala ndi mwana wawo wamkazi ku Birmingham. Galimoto ndi yomweyo, ka Honda Jazz kawo kakalekale, ngozi sadachitepo, koma atangouza kampani keyala yatsopano mtengo udadumpha. "Kodi akundilanga chifukwa cha imvizi?" adandifunsa.

"Ayi bambo," ndidatero, "imvi zanu adaziwerengera kale. Chasintha ndi postcode."

Postcode ndi nambala ya pa keyala yosonyeza dera limene munthu amakhala. Kuno ku Britain makampani a inshulansi amasunga mbiri ya dera lililonse: magalimoto amene abedwa, ngozi zimene zachitika, ndi ndalama zimene alipira anthu ovulala. Inu mukhoza kukhala dalaivala wofatsa ngati nkhosa, koma ngati mumsewu wanu akuba amanyamula magalimoto usiku, mumalipirira limodzi ndi aneba anu. N'chifukwa chake madera ambiri a London, Birmingham, Bradford, Liverpool ndi Manchester ndi odula, pamene kumidzi ya ku Cornwall, Devon kapena Scotland mitengo imakhala yotsikirapo. Ngakhale amakaniko amalowamo, poti kukonzetsa bampala ku London sikufanana mtengo ndi kutauni yaing'ono. Amafunsanso komwe galimoto imagona. Bambo aja ku Devon inkagona pakhomo, pamene ku Birmingham ankaisiya mumsewu.

Msinkhu nawo uli ndi mbali yake. Mtengo umatsika munthu akamakula, mpaka cha m'ma 60, kenako umayambanso kukwera akadutsa 70, makamaka chakuma 80. Si kuti agogo amathamangitsa galimoto, ayi. Ngozi zawo zambiri zimachitikira pamphambano, polowa mumsewu waukulu, ndipo mumzinda mphambanozo ndi zosawerengeka. Ndiye ukalamba ndi tauni zikakumana, mtengo umaluma kawiri.

Mukakwanitsa zaka 70, laisensi imatha mphamvu ndipo mumaikonzetsanso ku DVLA, ofesi ya boma yoona za malaisensi, zaka zitatu zilizonse, kwaulere. Muyenera kuwerenga nambala ya galimoto muli pamtunda wa mamita 20. Matenda ena, monga shuga wobayira insulini, ndi ofunika kuwanena, apo ayi chindapusa chimafika £1,000, ndipo kampani ikhoza kuvuta polipira pakachitika ngozi.

Pali china chimene chimawawa makolo athu ochokera kumudzi. Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha munthu akakhazikika kuno, ndipo sasinthitsa ndi ya ku Britain monga amachitira a ku Zimbabwe ndi South Africa. Muyenera kuyesedwanso. Ndiye munthu amene wayendetsa zaka 30 pa msewu wa M1, Blantyre mpaka Mzuzu, kudutsa minibasi ndi mbuzi zomwe, papepala amaoneka wophunzira kumene. Ine zimandipweteka, koma kompyuta ya kampani siidziwa Zalewa.

Ena amati bwanji tingolemba keyala ya achimwene a kudera lotsika mtengo. Musayerekeze. Likadzafika tsiku la ngozi kampani imafufuza komwe galimoto imagonadi, ndipo ikapeza bodza ikhoza kufafaniza inshulansi yonse. Kupeza ina pambuyo pake ndi ntchito yaikulu.

Zinthu ziwiri zimathandizako. Kuyambira 2012, pa mgwirizano wa makampani a inshulansi ndi boma, kampani ikakukanani chifukwa cha msinkhu iyenera kukulozerani kwina komwe angakulandireni. Ndipo kuyambira Januwale 2022, bungwe la FCA, loyang'anira makampani a zachuma, lidaletsa kulipiritsa kasitomala wakale ndalama zambiri kuposa watsopano wofanana naye. Komabe kufunsa mitengo kwina chaka chilichonse sikulakwa.

Ndi bambo aja tidawerenganso mtunda umene amayenda pachaka, poti tsopano amangopita kutchalitchi, kuchipatala ndi kukatenga adzukulu kusukulu. Mpongozi wawo adavomera kuti Jazz izigona pakhomo, yake izigona mumsewu. Mtengo udatsikako ndithu, ngakhale sudafike pa wa ku Devon.