Dzina ndi limodzi, matumba ndi awiri

Kasitomala akalowa m'lesitilanti ya McDonald's kapena hotela ya Holiday Inn safunsa kuti mwini malowo ndani. Amangoona chikwangwani. Koma kuseri kwa chikwangwanicho kuli anthu awiri osiyana matumba: kampani yomwe ili ndi dzina komanso njira zochitira ntchito, ndi munthu amene anagula chilolezo chotsegula nthambi n'kuikamo ndalama zake, kawirikawiri zangongole. Dongosolo limeneli ndi lomwe amati franchise. Kampaniyo tiitchule mwini dzina, winayo mwini nthambi.

Ambiri amaganiza kuti zinthu zimayenda bwino m'nthambi chifukwa cha kukhwima kwa malamulo. Malamulo ndi ofunika, koma mikangano yambiri imayambira pa kagawidwe ka ndalama. Mwini dzina amalandira gawo lake, lotchedwa royalty, kuchokera pa ndalama zonse zomwe nthambi yagulitsa, phindu likhalepo kapena lisakhalepo. Pamwamba pake pamakhalanso gawo lina lopita m'thumba lotsatsira malonda. Mwini nthambi amadya zotsala akalipira lendi, malipiro a antchito, magetsi ndi katundu.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Chinthu chikugulitsidwa pa 100. Zopangira ndi zokutira zake zikudya 35, ndipo mwini dzina akutenga 10 pa 100 iliyonse. Mwini nthambi akutsala ndi 55. Tsopano likulu lalamula kuti mtengo utsike kufika pa 70 kuti anthu adzaze. Zopangira zikadali 35, mwini dzina atenga 7, mwini nthambi atsala ndi 28. Tinene kuti kutsitsako kwathandizadi, pomwe ankagulitsa zinthu 100 tsopano akugulitsa 150. Mwini dzina wachoka pa 1,000 kufika pa 1,050, akumwetulira. Mwini nthambi wachoka pa 5,500 kufika pa 4,200, kwinaku antchito ake akutuluka thukuta kuposa kale. Nkhani ngati iyi inafika kukhoti ku America mu 2009, pamene bungwe la eni nthambi za Burger King linasumira kampaniyo chifukwa chowakakamiza kugulitsa double cheeseburger pa dola imodzi, iwo akuti akuluza pa iliyonse.

Munthu wofinyidwa chonchi satseka sitolo mawa lake. Amayamba kudula pomwe sipaoneka. Pomwe pankaima anthu asanu madzulo paima atatu. Mafuta okazingira amakhalitsa tsiku lina lowonjezera mpaka kuda. Firiji yomwe labala la pachitseko latha imangotsekedwa ndi mphamvu. Kenako amagula katundu wotchipa kwa wogulitsa wosavomerezeka. Zikafika poipa amadula malipiro: ku Australia mu 2015 zinaululika kuti nthambi zambiri za 7-Eleven zinkalipira antchito ndalama zochepa kuposa zomwe lamulo limanena, ndipo manyazi ake anagwera dzina lonse. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola.

N'chifukwa chake ubale wabwino umayamba anthu asanasaine. Ku America lamulo la bungwe la boma loyang'anira malonda, Federal Trade Commission, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1979, limati mwini dzina apereke chikalata choulula zonse, chomwe masiku ano chili ndi mitu 23, kudakali masiku 14 kuti munthu asaine kapena kulipira kanthu. Ku South Africa nakonso ndi masiku 14, ndipo lamulo loteteza ogula la 2008 limalola munthu kubweza mtima pasanathe masiku 10 antchito atasaina. M'chikalata cha ku America muli mndandanda wa eni nthambi, kuphatikizapo omwe asiya posachedwa. Amenewa ndi ofunika kuwaimbira foni poyamba. Afunseni kuti zinatenga miyezi ingati ndalama zolowa zisanayambe kukwanira zotuluka, komanso kuti makina atawonongeka likulu linayankha patapita masiku angati. Mwini dzina nayenso asamangolandira aliyense wobwera ndi ndalama. Munthu wokonda kuchita zake, ngakhale akhale katswiri pamalonda, adzavutika ndi buku la malamulo kwa zaka zonse za pangano.

Buku limeneli, lofotokoza kagwiridwe ka ntchito, ndiye msana wa dongosolo lonse, ndipo lolemba bwino silinena kuti "chimbudzi chikhale chaukhondo". Limanena kuti chiyenderedwe pakapita mphindi zingati, ayendere ndani, asaine pati. Lamulo lopanda nambala silingayezedwe, ndipo losayezedwa limathera m'kukangana. Kufunika kwa nambala kunaoneka mu 1993, pamene kachilombo ka E. coli m'nyama ya ku malesitilanti a Jack in the Box kanadwalitsa anthu oposa 700 ku America, ana anayi n'kumwalira. Chigawo cha Washington chinali chitakweza kale kutentha kofunika m'kati mwa nyama yogaya kufika pa madigiri 68, koma kampaniyo inkatsatirabe muyezo wakale wa madigiri 60. Vuto linali pa nambala yolembedwa kulikulu, nthambi zinkangotsatira. Buku lizikonzedwa nthawi ndi nthawi, ndipo lamulo lililonse latsopano lizibwera ndi chifukwa chake.

Maphunziro nawo asathere pa masabata oyamba aja. McDonald's inatsegula sukulu yake, Hamburger University, mu 1961, patangopita zaka zisanu ndi chimodzi Ray Kroc, amene anakulitsa kampaniyi, atatsegula lesitilanti yake yoyamba ku Des Plaines ku America. M'malonda otere antchito amasintha pafupipafupi, moti wophunzitsidwa chaka chatha mwina anapita kale. Nthambi iliyonse imafunika munthu wake wophunzitsa atsopano.

Pa zoyendera nthambi ndi pomwe makampani ambiri amapunthwa. Pali maulendo atatu osiyana: wa mlangizi wodziwika tsiku lobwera, wa wofufuza wobwera mwadzidzidzi, ndi wa kasitomala wonamizira amene amagula n'kukalemba zomwe waona. Kulakwitsa kwake n'kupatsa munthu mmodzi ntchito yolangiza ndi yogwira zolakwa. Mwini nthambi sangauze munthu wodzamudula mamalikisi kuti ngongole yamupanikiza. Amangopukuta paliponse m'mawa wa tsikulo, n'kubisa katoni ya katundu wosaloledwa m'galimoto. Mlangizi weniweni amayamba ndi mabuku a ndalama: katundu akudya gawo lanji la zogulitsa, malipiro gawo lanji, zotayika ndi zochuluka bwanji poyerekeza ndi nthambi zofanana nayo. Akapeza cholakwa amalemba chomwe chikonzedwe, wokonza wake ndi tsiku lomaliza, kenako amabweradi kudzaona. Kalata yochenjeza za kuphwanya pangano ibwere pambuyo pa zonsezi, kupatula pamene moyo wa anthu uli pachiswe. Ndipo muyezo ukhale umodzi. Eni nthambi amakhululuka lamulo lokhwima, koma sakhululuka akaona mnzawo wa nthambi makumi awiri akumulekerera.

Mwini dzina akalamula kuti katundu agulidwe kwa ogulitsa ake okha, wasenza udindo. Mu Febuluwale 2018 KFC ku Britain inasintha kampani yobweretsa nkhuku, kuchoka ku Bidvest kupita ku DHL, ndipo nthambi mazanamazana zinatseka chifukwa nkhuku sizinafike. Eni nthambi sanalakwe kanthu, koma lendi inkawerengabe. Ngati likulu limalandira kachigawo kuchokera kwa ogulitsawo, linene poyera. Chimodzimodzi thumba lotsatsira malonda: ndi ndalama za eni nthambi, ndipo ayenera kuona chaka ndi chaka momwe zagwirira ntchito.

Chotsala ndi kumva. Filet-O-Fish, sangweji ya nsomba ya McDonald's, anaiyambitsa ndi mwini nthambi, Lou Groen wa ku Cincinnati, mu 1962, ataona kuti makasitomala ake Achikatolika sadya nyama Lachisanu. Big Mac, sangweji ina ya McDonald's, inachokera kwa mwini nthambi wina, Jim Delligatti, ku Pennsylvania mu 1967. Woima pakauntala amaona zomwe likulu silingaone. Njira yodziwika ndi komiti ya eni nthambi, koma imathandiza pokhapokha ngati mamembala ake asankhidwa ndi anzawo, osati kulozedwa ndi likulu, komanso ngati nkhani zikufika kwa iwo zisanagamulidwe. Kusintha kulikonse kodula, monga makina atsopano kapena kukonzanso maonekedwe a sitolo, kuyesedwe kaye m'nthambi zochepa, makamaka za kampani yeniyeniyo, ndipo manambala ake aonetsedwe kwa onse: zadya zingati, zibweza pakapita miyezi ingati.

Mkangano ukabuka, pangano linene njira yake: dandaulo lolembedwa, kukumana pasanathe masiku otchulidwa, kenako mkhalapakati, khoti pomalizira. Australia ili ndi lamulo lotere kuyambira 1998, ndipo kuyambira 2015 limakakamiza mbali zonse ziwiri kuchita zinthu mokhulupirika. Vuto lina lobwerezabwereza ndi la malire, pamene likulu latsegula nthambi yatsopano pafupi ndi yakale, kapena layamba kugulitsa pa intaneti kwa makasitomala omwewo. Malire a dera alembedwe pa mapu omatidwa ku pangano, ndipo panenedwe kuti oda ya pa intaneti yochokera m'deralo ndalama yake ipita kwa ndani.