Ngozi ikagwa, woyamba kufika ndi neba wanu

Ine ntchito yanga ndi yokonza mapulani a ngozi zogwa mwadzidzidzi, nde anthu amakonda kundifunsa kuti khonsolo igule chani kuti mzinda ukhale wokonzeka. Galimoto zozimitsira moto? Ma ambulansi? Eya, zigulidwe ndithu. Koma tamvani kaye za ku Kobe.

Pa 17 Januwale 1995 kusanache, chivomerezi chinagwedeza mzinda wa Kobe ku Japan ndipo anthu opitirira 6,000 anafa. Japan si dziko losowa zipangizo ayi, koma misewu inatsekeka, mapaipi a madzi anaphulika, moto unabuka malo ambirimbiri nthawi imodzi, ozimitsa moto akanayambira kuti? Ambiri mwa anthu amene anatuluka amoyo pansi pa nyumba zogwa anafukulidwa ndi abale awo komanso maneba. Mzindawo unaphunzirapo, unakhazikitsa magulu a anthu wamba otchedwa BOKOMI, gulu lililonse m'dera la sukulu ya pulayimale, ndipo amaphunzitsidwa ndi ozimitsa moto. Ku Los Angeles, ku America, nakonso ozimitsa moto anayamba kuphunzitsa anthu wamba m'zaka za m'ma 1980, pulogalamu yomwe amaitcha CERT.

Nde apa mwaona kale kuti maola oyambirira aja boma silikhalapo, olo litafuna bwanji. Ntchito ya khonsolo ndi kudziwiratu kuti m'dera lililonse ndani ali ndi chani. Sukulu ili ndi holo ndi zimbudzi, tchalitchi ndi mzikiti ali ndi anthu amene akayankhula amamveredwa, a Red Cross ali ndi mavolontiya odziwa chithandizo choyamba, kampani yomanga ili ndi makina okumbira, a wayilesi ali ndi mawu ofika patali. Zonsezi zilipo kale, chimene chimasowa ndi kugwirizana tsikulo lisanafike.

Ndipo ndikati kugwirizana sindikunena zosainirana mapepala mu hotelo kenako kujambulitsa. Tsiku lina tinkayeserera zosamutsa anthu m'dera lina lomwe madzi amasefukira, pulani inali bwinobwino pa pepala, muvi wofiira kuloza kusukulu yomwe ili pamtunda. Tinafika ndi anthu, agogo ena tawanyamula pampando, n'kupeza geti ndi lokhoma ndi loko wamkulu chonchi. Kiyi ali ndi ahedi, ahedi ali kumaliro kutali, foni yawo sikupezeka. Tinangoima pagetipo kuyang'anana. Bola kunali kuyeserera chabe! Kuchokera tsiku limenelo ndikaona pulani ndimafunsa zinthu zooneka zopepera: kiyi wachiwiri amasunga ndani, amagona kuti, jenereta ikatha mafuta alipira ndani, nanga ikakhala 2 koloko usiku timuimbira ndani. Mgwirizano wopanda dzina la munthu ndi nambala ya foni umangothera mu fayilo.

Chenjezo nalo limafuna anthu. A zanyengo atha kulosera molondola, uthenga n'kutumizidwa pa mafoni, koma netiweki imagwa, batire limatha, ndipo munthu sasiya nyumba ndi katundu wake chifukwa cha meseji yochokera kwa munthu wosamudziwa. Ku Bangladesh namondwe wa mu 1970 anapha anthu osachepera 300,000. Zitatero, a Red Crescent (Red Cross ya kumeneko) ndi boma anayambitsa gulu la mavolontiya a m'midzi momwemo, amene amayenda ndi zimkuzamawu ndi kukweza mbendera zochenjeza, kugogoda khomo ndi khomo. Namondwe Sidr wa mu 2007 anali woopsa kwambiri koma anapha anthu masauzande ochepa chabe poyerekeza ndi kale lija, ngakhale kuti nyumba zothawirako ndi kulosera kwabwino zinathandizanso. Anthu amamudziwa amene akugogodayo, nchifukwa chake amatuluka.

Mavolontiya omwewo ndi amene amadziwa kuti nyumba iyo muli agogo okhala okha, umo muli mwana wolumala, uyo ndi woyembekezera, uyo samva. Kompyuta ya khonsolo sizidziwa zimenezo. Kungoti mndandanda wotere usamangoyenda pa WhatsApp, anthu apemphedwe kaye ndipo usungidwe ndi anthu ochepa odalirika.

Pomwe makhonsolo ambiri amalakwitsa ndi apa, amaitana anthu pulani atalemba kale kuti adzangowomba m'manja. Chonsecho amayi amene akhala m'mbali mwa ngalande zaka 20 amadziwa pomwe madzi amayambira kuposa ine ndi mapu angawo. Kwinanso amayesa kuti volontiya ndi waulere. Salandira malipiro, zoona, koma tochi, jombo, wenzulo ndi mayunitsi a foni ziyenera kukhala mu bajeti chaka ndi chaka, apo ayi gulu lija limatha mwakachetechete.

Ndipo anthu amasamuka, ahedi amasinthidwa, manambala amafa. Ine ndimauza makhonsolo kuti kamodzi pa chaka nyengo yoopsa isanayambe, wina akhale pansi ndi mndandanda wa manambala a foni aimbe nambala iliyonse, imodzi imodzi, kenako apite akayese kiyi uja pa loko.