Khoswe m'chipewa cha wophika: kodi Ratatouille imanena za ndani?

Aliyense amene anaonerapo filimu ya katuni ya Ratatouille amakumbukira khoswe uja, Remy, ali phee m'chipewa chachitali cha ophika, akukoka tsitsi la mnyamata Linguini kuti manja a mnyamatayo adule anyezi ndi kutakasa supu. Ana amafa nazo chiseko. Koma ife amene ntchito yathu ndi kusanthula mafilimu takhala tikukangana za chipewa chimenechi chitulukireni filimuyi mu 2007. Ena amati ndi nkhani ya mwana amene amakonda amuna anzake, kapena akazi anzake, koma akubisa kwa makolo. Ena amati ayi, nkhani ndi ya dziko la France komanso funso loti Mfalansa weniweni ndani. Ine ndimaona kuti onsewa akufunsa chinthu chimodzi: ndani amaloledwa kulowa m'khitchini, ndipo amalowa atalipira chiyani.

Tiyambe tamvana kaye. Mufilimu yonseyi mulibe mwamuna wofunsira mwamuna mnzake kapena mkazi wokondana ndi mkazi mnzake. Remy alibe chibwenzi. Chikondi chimene chikuoneka ndi cha Linguini ndi Colette, wophika wa m'khitchini momwemo, basi. Ndiye maganizo enawo amachokera pati?

Amachokera pa mmene Remy amakhalira kwawo. Anabadwa ndi mphuno yomva fungo kuposa makoswe onse, ndipo bambo ake, a Django, ataona zimenezi anangomupatsa ntchito yonunkhiza chakudya ngati muli poizoni. Iye amafuna zina. Amayenda ndi miyendo iwiri kuti asadetse manja amene amagwirira chakudya, ndipo m'bale wake Emile amamuchenjeza kuti bambo akaona kayendedwe kameneko sakondwa. Amazemba n'kulowa m'nyumba ya gogo wina kukaonera Gusteau, shefu wotchuka wa ku Paris, akuphika pa TV ndi kuwerenga buku lake. Emile atadziwa kuti m'bale wake amawerenga, funso limene linamubwerera msanga linali loti kodi bambo akudziwa. Atafika ku Paris, Remy amakhala moyo wapawiri: kuntchito amabisa kuti ndi khoswe, kwa abale ake amachepetsa za ubwenzi wake ndi munthu. Kenako bambo ake amamutenga usiku kupita naye pawindo la sitolo yogulitsa misampha, pomwe makoswe akufa ali lendelende, n'kumuuza kuti dziko la anthu ndi limeneli. (Sitoloyo si yopeka ayi. Ilipodi ku Paris, dzina lake ndi Aurouze, ndipo makoswe ouma amalendeweradi pawindo pake.) Tsiku limene Linguini anaulula zoona pamaso pa anzake a kuntchito, onse anatuluka mmodzimmodzi osayankhula kanthu.

Kayendedwe kokayikitsa, kufunsa ngati bambo akudziwa, kholo loopseza mwana chifukwa choopa kuti anthu amupha, tsiku loulula ndi anthu otembenuka n'kuchoka. Munthu amene anakula akubisa amene amamukonda safunika mphunzitsi kuti adzione m'zimenezi.

Kuwerenga filimu mwanjira imeneyi kuli ndi mbiri yake. Kuyambira mu 1934 mpaka 1968, mafilimu a ku Hollywood ankatsatira malamulo otchedwa Hays Code, amene ankaletsa kuonetsa chikondi cha amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Opanga mafilimu anaphunzira kunena mophiphiritsa, kudzera m'kavalidwe, kayankhulidwe ndi kayendedwe ka munthu, ndipo oonera nawonso anaphunzira kumva zophiphiritsazo. Vito Russo analemba buku lonse za mchitidwewu mu 1981, The Celluloid Closet. Makatuni sanatsalire: Ursula, mfiti ya m'nyanja ya mu The Little Mermaid ya 1989, anamujambula motengera Divine, mwamuna wazisudzo amene anatchuka ndi kuvala zachikazi.

Apa ndiye pamene ambiri amasokoneza. Kuika chizindikiro mwadala, monga anachitira ndi Ursula, ndi nkhani ina. Woonera kudziona m'nkhani chifukwa ikufanana ndi moyo wake ndi inanso. Za Remy ndi zachiwirizi. Palibe chifukwa chonenera kuti Brad Bird, amene anatsogolera filimuyi, anabisamo uthenga wachinsinsi, ndipo amene amaopa kuti ana awo akuphunzitsidwa zinthu mwakabisira ndi khoswe wophika supu akhoza kugona tulo. Nkhani yomweyo imamukwananso mwana wa abusa amene akufuna kuimba m'bandi, kapena mtsikana woyamba m'banja kupita ku yunivesite amene akabwera kutchuthi amasintha kayankhulidwe kuti asamveke wonyada. Pixar, kampani imene inapanga filimuyi, itafuna kunena poyera inanena: mu 2020 inatulutsa kafilimu kakafupi kotchedwa Out, ndipo mu 2022 filimu ya Lightyear inaletsedwa m'mayiko angapo chifukwa cha akazi awiri opsompsonana kwa kamphindi.

Palinso chifukwa chosamalira tisanathamangire kunena kuti khoswe akuimira gulu lakutilakuti la anthu. Chithunzi chimenechi chinagwirapo ntchito yonyansa. Filimu ya chipani cha Nazi ya mu 1940 inayerekeza Ayuda ndi makoswe otuluka m'ngalande. Ratatouille inatenga nyama imene anthu amaitchula akafuna kunena kuti uyu si mnzathu, n'kuipatsa mpeni ndi chipande m'malo amene France amawalemekeza kwambiri.

Kwa Afalansa, khitchini ya lesitilanti yapamwamba si malo ophikira chabe. Shefu wotchuka wakale Auguste Escoffier anakonza kagwiridwe ka ntchito m'khitchini ngati gulu la asilikali, aliyense ndi udindo wake, kuyambira bwana shefu mpaka wotsuka mapoto. Nyenyezi za Michelin, zimene zimaperekedwa kwa malesitilanti apamwamba, zimakweza kapena kugwetsa munthu (zenizeni zimathera pa zitatu, filimuyi inawonjeza kufika zisanu). Mu 2010 bungwe la UNESCO linaika kadyedwe ka Afalansa pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa, mndandanda womwe nsima ya ku Malawi inalowapo mu 2017. Choncho kufunsa kuti ndani angaphike chakudya cha Chifalansa n'kufunsa kuti mwini dziko ndani.

Filimuyi imayankha kudzera mwa olowa m'malo awiri. Linguini ndi mwana weniweni wa Gusteau, mpaka kuyeza DNA kunatsimikiza, ndipo lesitilanti ndi yake mwalamulo. Koma kuphika sadziwa, dzina lake ndi la chakudya cha ku Italy, ndipo m'Chingerezi cha filimuyi amayankhula ngati Mmereka. Remy alibe magazi a Gusteau, alibe pepala lililonse, analowera pawindo, koma ndi yekhayo amene anamvetsa zimene Gusteau ankaphunzitsa zoti aliyense angathe kuphika. Amene akuwononga dzina la malemuyo ndi wam'kati, Skinner, amene anatsala akuyendetsa lesitilantiyo Gusteau atamwalira, ndipo akugulitsa zakudya zoumitsa m'firiji atamuveka Gusteau zovala za ku Mexico ndi ku China pa makatoni. Ngakhale ophika enawo, Colette akamawafotokoza, si anthu a mbiri yoyera: wina anakhalapo m'ndende, wina ankazembetsa mfuti, wina anathawa kwawo ali mwana. Colette mwiniwakeyo ndi mkazi yekhayo m'khitchinimo, ndipo amanena mosabisa kuti malamulo ake anakonzedwa ndi madala kuti mkazi asalowemo.

Zinangochitika kuti mu May 2007, miyezi yochepa filimuyi isanafike ku France, pulezidenti wa dzikolo pa nthawiyo, Nicolas Sarkozy, anakhazikitsa unduna umene m'dzina lake munali nkhani ya anthu obwera komanso ya chimene chimapanga munthu kukhala Mfalansa. Opanga filimu ku California sakanadziwa zimenezo, pakuti katuni yotere imatenga zaka. Koma khitchini zenizeni za ku Paris zinali kale zodzaza ndi anthu ochokera ku Mali, Senegal ndi Sri Lanka, osenda mbatata ndi kutsuka mbale kuseri kwa chitseko, ndipo mu 2008 ena a iwo opanda zikalata zokhalira m'dzikomo ananyanyala ntchito kufuna mapepala. Munthu wodya patsogolo samaona dzanja limene lamuphikira.

Ndiye pali mbale ija imene inagonjetsa Anton Ego, wolemba nkhani za malesitilanti amene aliyense ankamuopa. Ratatouille ndi ndiwo zamasamba za kummwera kwa France, cha ku Nice: matimati, mabilinganya, tsabola wosawawa, timaungu tatitali tanthete, anyezi ndi adyo, zophikidwa m'mafuta a olivi. Colette anadabwa kuti Remy wasankha chakudya cha alimi wamba. Ego atangolawa anabwerera ku ubwana, ali pakhomo ndi bondo lonyuka, amayi ake akumupakulira. Chifalansa chenicheni, tingatero. Komatu matimati, tsabola ndi maungu zinachokera ku America, mabilinganya anachokera ku Asia. Kayalidwe kokongola kaja, masamba odulidwa mopyapyala n'kusanjidwa mozungulira, anakonzera filimuyi ndi Thomas Keller, shefu wa ku America wa lesitilanti ya The French Laundry, motengera njira ya Mfalansa Michel Guérard. Nkhani yenizeniyo anayamba kuiganiza ndi Jan Pinkava, wobadwira ku Prague. Ndipo zonsezi zinachitika patangopita zaka zinayi kuchokera pamene aphungu ena ku Washington anasintha dzina la tchipisi m'kantini mwawo kuchoka pa French fries kukhala freedom fries, pokwiya kuti France yakana nkhondo ya ku Iraq. Afalansa akanatha kunyansidwa ndi Paris wojambulidwa ndi alendo. M'malo mwake anthu oposa 7 miliyoni anakaionera, kuposa filimu ina iliyonse m'dzikomo chaka chimenecho.

Chimene chimandivuta ine ndi mathero. Anthu ambiri amawakumbukira ngati chipambano, koma taonani bwino. Ego analemba motamanda wophikayo osatchula kuti ndi khoswe. Zitadziwika, a zaumoyo anatseka lesitilanti ya Gusteau, ndipo Ego anataya ntchito ndi ulemu wake. Lesitilanti yatsopano ndi yaing'ono, ndipo ngakhale pachikwangwani pali chithunzi cha khoswe, anthu amadyera pansi pomwe makoswe amadyera kwaokha kudenga. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wa Remy ndi luso lake: amene akudziwa chinsinsi amamusunga chifukwa akamutaya, chakudya chokoma chathera pomwepo. Umu ndi mmenenso mayiko ambiri amalandirira mlendo, bola akhale katswiri wa mpira kapena dokotala, ndi mmene mabanja ena amapirira mwana wosiyana ndi anzake, bola azitumiza ndalama ndipo asamatchule za amene amakhala naye.

Filimuyi siinama pamenepa, ndipo ndimaiyamikira chifukwa sinanamizire kuti mzinda wonse wa Paris unasintha mtima usiku umodzi. Koma pali funso limene imalilambalala, la Emile. Iyeyu alibe luso lililonse, amadya zotola m'bini ndipo amakhuta nazo bwinobwino. Usiku umene makoswe mazanamazana anabwera kudzathandiza kuphika, analoledwa kugwira chakudya atayamba awalowetsa m'makina otsukira mbale, ndipo mwayi umenewo anaupeza chifukwa choti ndi abale a katswiri.