Ulusi wosaoneka wa m'mitengo umene ukulimbitsa pulasitiki wochokera ku zomera

Mtengo umapirira mphepo kwa zaka zambiri chifukwa cha cellulose, chinthu chimene chimapanga pafupifupi theka la thabwa louma, ndipo mu thonje chimafika magawo 90 pa 100 alionse. Ulusi umene timaupeza m'pepala kwenikweni ndi mtolo wa tiulusi tambirimbiri togwirana. Mtolowo ukamasulidwa mpaka mapeto pamatsala tiulusi ta mananomita 3 kapena 4 m'lifupi, ndipo nanomita ndi gawo limodzi la milimita yogawidwa ka 1,000,000. Akatswiri amatitchula mwachidule kuti CNF.

Tiulusiti tikufunika chifukwa pulasitiki wochokera ku zomera ali ndi zofooka zake. PLA, amene amapangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe, sachedwa kuthyoka ndipo amayamba kufewa kutentha kukangofika madigiri 60. Akamusakaniza bwino ndi CNF, utomoni wa pulasitikiwo umagwira tiulusi pamodzi pamene tiulusito timasenza katundu, monga zimachitira zitsulo za mkati mwa konkire. Mafakitale akhala akugwiritsa ntchito ulusi wa galasi pa ntchito imeneyi, koma galasi ndi lolemera kwambiri kuposa cellulose, limaphwanyika pulasitiki akamasungunulidwanso, ndiponso limasiya phulusa lochuluka akaliwotcha.

Kumasula mtolo uja kunali kovuta poyamba. Gulu la Albin Turbak ku kampani ya ITT Rayonier ku America linafalitsa njira yake mu 1983, koma makina ake ankadya magetsi ochuluka zedi. Zinthu zinasintha mu 2006 pamene Akira Isogai ndi Tsuguyuki Saito a ku yunivesite ya Tokyo anasonyeza kuti mankhwala otchedwa TEMPO amachititsa tiulusi kukankhana tokha m'madzi, moti timalekana ndi mphamvu yochepa. Ntchitoyo inawabweretsera mphoto ya Marcus Wallenberg ku Sweden mu 2015, limodzi ndi mnzawo Yoshiharu Nishiyama.

Vuto lalikulu limene latsala, m'kuona kwanga, ndi madzi. Cellulose amakonda madzi, ndipo CNF imatuluka m'makina ili phala limene pafupifupi magawo 98 pa 100 ndi madzi okhaokha. Kunyamula phala lotere n'kulipirira mayendedwe a madzi, koma kuliumitsa nakonso kumabweretsa vuto lina, pakuti tiulusi timamatirirananso kukhala zibuma zimene sizimasukanso. Mapulasitiki ambiri sagwirizana ndi madzi, choncho zibumazo sizilowerera mu utomoni, ndipo m'malo molimbitsa chinthucho zimasanduka malo oyambira ming'alu. Kuwonjezera apo, cellulose amayamba kuda ndi kuwonongeka kutentha kukapitirira madigiri pafupifupi 200, zimene zimachepetsa mitundu ya pulasitiki yoti angasakanizidwe nayo.

Hiroyuki Yano ndi anzake ku yunivesite ya Kyoto anaizungulira nkhaniyi mwanzeru. Iwo amayamba asintha ulusi wa pepala ndi mankhwala kuti usakonde madzi, kenako amaukanda pamodzi ndi pulasitiki wosungunuka, ndipo mtolo umamasukira mkati mwa utomoni momwemo. Njira imeneyi ndimaiona kuti ndi yodalirika chifukwa imachotsa pa kamodzi ntchito ziwiri zodula, yomasula tiulusi m'madzi ndi yotiumitsa.

Zopangidwa zina zafika kale pamsika. Mu 2018 kampani ya Asics inaika CNF m'soli ya nsapato zothamangira, ndipo mu 2019 pa chionetsero cha magalimoto ku Tokyo panaoneka galimoto yoyeserera imene mbali zake zambiri zinali ndi tiulusiti. Mawu amene amamveka kawirikawiri, akuti CNF ndi yolimba kasanu kuposa chitsulo, owerenga aziwamva mosamala, chifukwa amanena za kaulusi pakokha, osati za chitseko cha galimoto chimene mbali yake yaikulu ikadali utomoni.

Chenjezo lina likukhudza kuola. Pulasitiki wa mtundu wa polyethylene amene kampani ya Braskem ku Brazil imapanga kuchokera ku nzimbe ndi wofanana ndendende ndi wochokera ku mafuta a pansi, ndipo saola ngakhale mutathiramo cellulose. PLA amaola pokhapokha ali m'kompositi ya m'fakitale yotentha madigiri pafupifupi 58, pamene m'dothi wamba kapena m'nyanja amakhala zaka zambiri asanawonongeke.