Kulembetsa pa msasa wa othawa madzi osefukira salipiritsa

Shire ndi Ruo zikasefukira, monga mu 2015 ndi pa namondwe wa Freddy mu 2023, mabanja a ku Nsanje ndi Chikwawa amathawira kusukulu, kumatchalitchi ndi kumisasa ngati wa ku Bangula. Pomwepo pamabuka mphekesera yoti wosapereka kangachepe salowa m'kaundula. Limeneli ndi bodza.

Komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, pamodzi ndi mfumu, imalemba mutu wa banja ndi chiwerengero cha anthu ake mwaulere, mayina n'kupita ku khonsolo ndi ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Chimodzi chochedwetsa ufa ndi mabulangete ndi banja kulembetsa kawiri: mndandanda umaunikidwanso, ana n'kugona ndi njala.

Wina akafuna ndalama kapena kugona nanu kuti akulembeni, kaneneni kupolisi.